Envulopu ya Namawanga

Ntchito zina ukalakwitsa lero, mawa umakonza. Telala akadula nsalu mokhota amakagula ina, wophika buledi akapsereza amakanda ufa wina madzulo omwewo. Ya Namawanga sinali yotero. Iye dzuwa linamupatsa mayeso amodzi okha pa moyo wake wonse wa ntchito, ndipo zotsatira zake anazidikira zaka zisanu ndi chimodzi.

Dzina limeneli anamupatsa ndi anzake a pa siteshoni yoyang'anira dzuwa. M'mawa uliwonse, kwa zaka zoposa makumi awiri, ankakwera masitepe a chitsulo kupita padenga, n'kulozetsa telesikopu kudzuwa kuti chithunzi chake chigwere papepala loyera. Akatero ankatenga pensulo n'kujambula mawanga akuda amene ali pankhope ya dzuwa, limodzilimodzi, n'kuwawerenga. Masetilaiti amawerenga bwino kuposa munthu, aliyense amadziwa, koma pa siteshoni imeneyo pensulo sanaitaye, ndipo Namawanga sankalola munthu wina kuigwira.

Mawanga amenewa sakhala chimodzimodzi. Zaka zina dzuwa limangoti mbee ngati mbale yotsuka, kenako mawanga amayamba kutuluka, kuchuluka, kufika pachimake, n'kuyambanso kutha. Ulendo wonsewo ndi wa zaka khumi ndi chimodzi. Akachulukitsa dzuwa limalusa: limasokoneza mawailesi a ndege, limawononga masetilaiti, nthawi zina limazimitsa magetsi a mizinda yathunthu. N'chifukwa chake a magetsi ndi a masetilaiti amafuna kudziwiratu kuti ulendo ukubwerawo mawanga adzafika angati pachimake.

Funso limeneli ndi limene linamudyera Namawanga unyamata wake. Mawanga amabadwa ndi mphamvu ya maginito imene imazungulira mkati mwa dzuwa. Akale akamafa, zotsalira za maginito awo zimakwawa pang'onopang'ono mpaka kukaunjikana kunsonga ziwiri za dzuwa, ya kumpoto ndi ya kum'mwera, ndipo muluwo ndiye mbewu ya ulendo wotsatira. Ukayeza mbewu bwino, zokolola wazidziwa. Iye analemba masamu otsatira kukwawa kumeneko, mzere ndi mzere, kwa zaka khumi ndi zitatu. Kompyuta ya pa siteshoni inali yokalamba, inkatenga masiku atatu kuti iyankhe kamodzi, ndiye anzake masamuwo anawatcha Bulu. Namawanga sankadandaula. Ankati bulu amachedwa koma katundu amafikitsa.

Masiteshoni otere padziko lonse alipo pafupifupi makumi atatu, ndipo ali ndi komiti yawo kunja. Lamulo la komitiyo ndi lakalekale ndiponso louma gwa. Dzuwa likayera, siteshoni iliyonse ilembe pa khadi nambala imene ikulosera ndi dzina la mwini masamu, mkulu wa siteshoni adinde, amate mu envulopu, atumize. Maenvulopuwo amatsekeredwa mu sefa, bokosi lachitsulo lokhoma, mpaka dzuwa litadutsa pachimake. Anachita dala, poti anthu ophunzira amadziwana okhaokha: mvula ikagwa aliyense amati ndinaiona kale ine. Zina zonse zinasamukira pa kompyuta, koma envulopu inatsala ya pepala, ndipo nambala imene ilibe mu sefa komiti siiwerengera ngakhale ulumbire pali amako.

Mkulu wa siteshoni yawo anali Pulofesa, amene analinso mlamu wake. Ndi iyeyo anamuphunzitsa kuyambira ali mtsikana wosadziwa kusongola pensulo, ndipo ndi iyeyonso amene tsiku lina anaitana mng'ono wake, wokonza mafiriji, kuti adzakonze makina oziziritsa chipinda cha kompyuta. Makinawo anakonzedwa kwa milungu itatu, ntchito ya tsiku limodzi, ndipo chaka chisanathe panali ukwati. Pulofesa ankakonda kunena kuti pa zonse zimene analoserapo, chokhacho ndicho chinatheka.

Dzuwa litayera, Bulu anayenda masiku ake atatu n'kutula nambala: 96. Namawanga anamuyendetsanso kasanu, akusintha apa ndi apo, ndipo nambala sinasunthe. Anailemba pa khadi, n'kusaina, n'kugogoda pa ofesi ya mlamu wake.

Pulofesa analiyang'ana khadilo nthawi yaitali, magalasi ali pamphumi.

"Alamu, Bulu wanuyu wadya chiyani?"

"Wadya zimene tayeza, a Pulofesa. Mbewu ya kunsonga ndi yochepa. Ulendo ukubwerawu ukhala wofooka."

"Anthu a makompyuta aakulu ngati nyumba akuti 150 kupita m'mwamba. Akunena poyera, m'nyuzipepala momwe."

"Iwo akuyang'ana maulendo apitawo n'kumati dzuwa libwereza. Ine ndasuzumira m'nkhokwe. Mulibe."

Pulofesa anaseka, kuseka kuja kogwedeza mapewa kumene ana a Namawanga ankakukonda. "Chabwino, alamu, mutu ndi wanu." Analowetsa khadi m'thumba la jekete. "Chidindo chili kwa sekeletale. Nditumiza mawa."

Namawanga anatuluka mtima uli m'malo. Akanaima pomwepo mpaka aone envulopu ikumatidwa, koma ndani amaimirira mlamu wake pamutu ngati wakuba? Munthu amene anakunyamulira mwana kuchipatala, amene mumadya naye tsiku la Sabata lililonse?

Mlungu womwewo mwamuna wake anachita chinthu chimene chinamukhudza mpaka misozi. Kuseri kwa chitseko cha kukhitchini anajambula mzere ndi choko n'kulembapo 96, manambala aakulu okhota ngati amene ankalemba pa mafiriji a makasitomala. Kuyambira pamenepo, mwezi ukatha, ankafunsa ali ndi choko kumanja:

"Mayi a ana, mwezi uno lafika pati?"

Iye akayankha, mwamunayo ankayeza ndi tepi n'kuika kadontho. Madonthowo anayambira pansi, pafupi ndi pamene amaimikapo tsache, n'kumakwera chaka ndi chaka. Ana anakula, wamkulu anakwatiwa, khitchini inapakidwa penti kawiri, koma chitseko chokhacho munthu sankachikhudza. Namawanga ankawauza anzake kuntchito kuti ena anakwatiwa ndi madokotala koma sadziwa n'komwe kuti mkazi wawo amachita chiyani, pamene iye wa mafiriji wake amadziwa dzuwa kuposa ophunzira a chaka chachitatu.

Chaka chachinayi dzuwa linamuopseza. Mwezi wina mawanga anangoti mbwee, kadontho kanadumpha mzere n'kukafika pa 124. Komiti siwerengera mwezi umodzi, imatenga pakatikati pa miyezi khumi ndi itatu, koma ngakhale zinali choncho Namawanga chakudya sichinkatsika. Mwamuna wake ndiye anali wina. Ankaimba mluzu potsuka mbale, ankamuseketsa, ndipo Loweruka lake anabwera ndi nsapato zachikopa zofiirira, zimene mkazi wake anali atazisirira m'sitolo kwa chaka chathunthu. Namawanga anati mumtima, uyu ndiye mwamuna, akufuna ndisataye mtima. Mwezi wotsatira kadontho kanatsikira pa 91, kenako 88, ndipo mluzu unatha. Namawanga anati ndi kutopa, poti inali nyengo yotentha imene mafiriji amafa motsatizana.

Dzuwa linadutsa pachimake, komiti inawerengera, ndipo nambala inatuluka: 98. Bulu anali ataphonya ndi ziwiri zokha. Pa ntchito imeneyi kuphonya ndi makumi awiri anthu amakuimirira n'kukuombera m'manja.

Namawanga anali ndi zaka makumi asanu ndi zisanu ndi chimodzi. Ulendo wapitawo Bulu anali asanakhwime, khadi linapita ndi dzina la Pulofesa. Ulendo ukubwerawo dzuwa lidzayera iye atapuma kale pantchito. Envulopu yake inali imodzi yokhayi, ndipo ankadziwa zimene zili mkatimo monga munthu amadziwira dzina la mwana wake.

Tsiku lotsegula sefa linali Lachinayi masana. Mwambowo unkachitikira kunja, koma siteshoni iliyonse inkaonera pa sikirini. M'chipinda cha misonkhano anakankhira matebulo kukhoma, mipando anabwereka ku laibulale. Sekeletale anagula keke n'kuwauza a kubekale kuti alembepo 96 ndi shuga wachikasu. Namawanga anavala diresi latsopano ndi nsapato zofiirira zija. Mwamuna wake sanabwere. M'mawa anati firiji ya kubutchala yafa ndipo nyama siidikira. Pulofesa anakhala mpando wa pafupi ndi chitseko, akuti kutsogolo kukutentha.

Pa sikirini panali mayi wa imvi, wapampando wa komiti, ali ndi kampeni kotsegulira makalata. Ankang'amba envulopu, kuwerenga dzina la siteshoni, dzina la munthu, nambala. Analibe phuma.

"158."

M'chipindamo anthu anayamba kugundana zigongono.

"149. 163. 137."

"Makompyuta aakulu ngati nyumba aja!" anakuwa wa zamagetsi wa pa siteshoni, ndipo onse anaseka.

Siteshoni ina yaing'ono ya pachilumba inali italemba 107, ndipo kunjako anthu anawomba m'manja. Sekeletale anatsonya. "Akuwombera zimenezo? Adikire amve za kuno."

Envulopu yawo inali ya nambala 22. Namawanga anaizindikira ndi chidindo chawo chopendekeka. Mayi wa imvi anawerenga dzina la siteshoni, kenako dzina lake lenileni, lonse, akulipotoza monga amachitira anthu akunja. Namawanga anapeza kuti waimirira osadziwa.

"142."

Wina anaseka pang'ono poganiza kuti mayiyo wasokoneza makhadi. Koma mayiyo anatembenuzira khadi ku kamera monga ankachitira ndi onse, ndipo linaoneka bwinobwino. Linali lotayipa, osati lolemba pamanja. Dzina linali lake. Pansi pake panali siginecha imodzi yokha, ya mkulu wa siteshoni.

Sekeletale anali chiimire ndi mpeni wa keke. Chimene chinamupweteka Namawanga poyamba chinali manyazi, manyazi a diresi latsopano. Atacheuka, mpando wa pafupi ndi chitseko unali wopanda munthu.

Anamupeza mu ofesi. Sanagogode. Pulofesa anali atatulutsa kale khadi lija n'kuliika pa tebulo, loyera bwino, losapindika, 96 ya dzanja lake iye mwini. Zaka zisanu ndi chimodzi linali m'dirowa, pansi pa mabatire akale ndi mapiritsi a mutu.

"Khalani pansi, alamu."

"Pano ndine wantchito wanu, a Pulofesa. Alamu tinawasiya kunyumba."

"Ndinkakutetezani."

"Kwa ndani?"

"Simukukumbuka chaka chimene chija? Akuluakulu ankafuna kutseka siteshoni ino, ati ndi nyumba yosungiramo mapensulo. Ndiye ife titumize 96 dziko lonse likuti 150? Zikanalakwika akanatiseka mpaka kutsidya kwa nyanja. Ukalakwitsa pamodzi ndi anthu makumi atatu palibe amakuona. Ukalakwitsa wekha, umakhala nthano."

"Ndiye mukanalemba dzina lanu."

"Khadi limafuna dzina la mwini masamu."

"Masamu ake ati? 142 inachokera kuti?"

Pulofesa anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi tayi. "Ndinatenga za anzathu zija n'kuchotsako pang'ono. Polemekeza Bulu wanu."

Kunena zoona, pali mawu ena amene munthu akakuuza umalakalaka akanangokutukwana. Zaka khumi ndi zitatu za masamu, maso mpaka kufuna magalasi, ana kukula akudya chakudya chozizira, zonsezo munthu anazisandutsa kuchotsako pang'ono, ngati wogulitsa tomato wokomera mtima. Namawanga anakwiya, koma anaumitsa nkhope kuti asamupatse mwayi womumvera chisoni.

"Ndilemba kalata ku komiti," anatero Pulofesa. "Lero lomwe. Ndivomera zonse. Khadi ili titumiza limodzi."

"Inuyo ndi amene munandiphunzitsa chifukwa chake kuli sefa. Kapena mwaiwala? Munkati mlosi wa mvula yogwa kale ngakhale nkhuku zimamuseka." Anatola khadi lake. "Ndani angakhulupirire kuti sindinalembe ili masana ano, ndipo mlamu wanga akungondiikira kumbuyo?"

Pulofesa anavalanso magalasi. Anaoneka wokalamba, khosi likusambira mu kolala. Namawanga anadana nako kuona zimenezo, chifukwa mbali ina ya mtima wake inali itayamba kale kudandaula ngati bamboyu wamwa mankhwala ake a masana.

Anatsika masitepe osadutsira kuchipinda cha misonkhano. M'basi anakhala kumbuyo, khadi lili m'chikwama, akuganiza chinthu chimodzi chokha: kunyumba kuli munthu amene akudziwa. Komiti isakhulupirire, dziko lisakhulupirire, koma kuli chitseko cha kukhitchini, kuli madontho makumi asanu ndi awiri ndi mphambu ziwiri, kuli munthu amene anawaika ndi dzanja lake. Ankaopa ndithu mmene mwamuna wake apsere mtima akamva, poti abale awiriwa anali asanakanganepo chibadwire. Anayamba kukonza mawu oti amuuzire mofatsa.

Anafika dzuwa likadali pamwamba pa madenga. Galimoto ya ntchito inali pakhomo. Mwamuna wake anali pa tebulo la kukhitchini, akupukuta masipanala amene anali oyera kale. Ovolosi yake inalibe dontho la mafuta, ndipo sankanunkha kubutchala.

Namawanga anatseka chitseko kuti apachike chikwama, ndipo dzanja linaima m'malere. Chitseko chinali choyera. Mzere, 96, madontho onse, kulibe.

Anachikhudza ndi chikhato. Chinali chouma. Kansanza kamene anapukutira kanali pa waya panja, nako kouma kale kuti gwa. Envulopu inali itatsegulidwa ola limodzi ndi theka lapitalo.

"Bambo a ana, chitsekochi mwapukuta nthawi yanji?"

Sipanala inapitiriza kupukutidwa.

"Ndikufunsa."

"M'mawa. Mutangotuluka."

Namawanga anakoka mpando n'kukhala pansi.

"Anakuuzani liti?"

"Tsiku lomwe anatumiza. Anabwera kushopu." Mwamunayo sanadzutse mutu. "Anati ndisakuuzeni, mungapange phokoso n'kudzipweteka nokha. Ndi akulu anga, mayi a ana. Anandilera ndi iwowo bambo atamwalira. Zinthu za dzuwazi ine ndingawatsutse bwanji?"

"Ndiye choko chija chinali cha chiyani?"

"Ndinkafuna ndizidziwa mmene zikuyendera."

"Zikuyendera ndani?"

Apa ndiye anadzutsa mutu, maso ali ofiira, ndipo analankhula mwachangu ngati munthu amene mawuwo anawasunga nthawi yaitali.

"Ndinkati likakwera, likafika kumene achimwene analembako, basi zonse zikhala bwino. Dzina lanu lituluka lolondola pamaso pa dziko lonse. Mukanakwiya mlungu umodzi, kenako mukanawathokoza. Palibe akanapweteka."

Namawanga anayang'ana pansi ndipo anaona nsapato zake. Zofiirira, zachikopa, zopolishidwa m'mawa womwewo. Anakumbukira mluzu wa pa sinki, ndi mwezi umene iye sankadya.

"Mwezi wa 124 uja," anatero pang'onopang'ono. "Simunkanditonthoza. Munkasangalala."

"Mayi a ana…"

"Zaka zisanu ndi chimodzi. Mwezi uliwonse mumaima apa ndi choko, kundifunsa kuti lafika pati, ine n'kumakuyankhani ndi mtima wonse, n'kumakutamani kwa anthu. Inu mukupemphera kuti ndilakwitse."

Mwamunayo anabweza maso pa masipanala ake. Akanakana, mwina pakanakhala poyambira. Sanakane, chifukwa sanali munthu wabodza. Bodza lake linali limodzi lokhalo, ndipo analisamalira bwino ngati zipangizo zake.

Namawanga anawerama, n'kumasula nsapato imodzi, kenako inayo. Anaziika pa tebulo pakati pa masipanala, moyandikana bwino, ndipo anapita kuchipinda cha mwana wawo wokwatiwa uja ali chosavala kuphazi. Sanamenyetse chitseko.

M'mawa mwake kunalibe mitambo, choncho anapita kuntchito. Keke inali ikadali m'chipinda cha misonkhano, wina ataiphimba ndi nyuzipepala. Anakwera masitepe a chitsulo, analozetsa telesikopu, anasongola pensulo. Dzuwa linagwera papepala monga mwa masiku onse, mawanga ake atayamba kuchepa monga Bulu ananenera. Anawajambula limodzilimodzi, n'kuwerenga, n'kulemba nambala m'buku.

Unali tsiku lomaliza la mwezi. Madzulo palibe anamufunsa kuti lafika pati, ndipo iye sanauze munthu.